Dzina la Mlendo pansi pa Miyala ya Mbenji

Munthu akaima pagombe la Chikombe m'boma la Salima m'mamawa, mwera usanayambe kuutsa mafunde, naponya maso kuvuma kumene dzuwa litulukira, amaona chilumba cha Mbenji chitayandama patali ngati msana wa mvuu yogona. Ndipo akafunsa aliyense wa asodzi amene akusoka makoka pamchenga kuti chilumbacho chitchuka ndi chiyani, sadzamva yankho lina koma la utaka, pakuti utaka wa ku Mbenji, waukulu ndi wonona, ndiwo wakhala ukukoka amalonda kuchokera ku Lilongwe ndi kwina kutali kwa zaka zambirimbiri. Koma m'nkhani ino tiyamba ndi kansomba kena kamene sikalowa m'chilimira, sikayanikidwa pathandala, ndipo palibe wamalonda a utaka akawerenga m'phindu lake. Komabe kanyamula pamsana pake dzina la munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere, dzina limene kwao komweko lili losowa ngati mvula ya m'chilimwe.

Kansombako kakhala m'miyala ya m'mphepete mwa chilumba, pamadzi osaya pamene mafunde amenya usana ndi usiku, ndipo ndi kamodzi mwa nsomba zamawangamawanga zija zimene Atonga a ku Nkhata Bay anazitcha mbuna, ena nazitcha chindongo. Mwana akakakola ndi mbedza n'kukuikirani m'dzanja, mudzaona kuti kutalika kwake sikupitirira kwenikweni chikhatho cha munthu wamkulu. Kakamuna kaoneka ngati thambo lopanda mtambo, ndi mizere yakuda yotsika m'nthiti, pamene kakakazi nthawi zina n'kotuwa, nthawi zina n'kachikasu kofiirira kokhala ndi madontho ngati wakawaza makala. Koma chimene chidzagwira maso anu ndi mphuno yake, yonenepa, yofewa, yolendewera patsogolo, ndi kamwa lobisala pansi pake monga la ntchila. Mlengi sanakapatse mphunoyo pachabe, pakuti kakafuna kudya kamagona pafupifupi chafufumimba pamwala, n'kutsamiritsa mphunoyo pathanthwe, n'kumapala ndere ndi mano ake ang'onoang'ono, mafunde akudutsa pamwamba pake osakakokolola, pamalo pamene nsomba zina sizikhoza kukhazikika.

Tsono m'mabuku a akatswiri a nsomba, ndi m'makalata a anthu ochita malonda a nsomba zokongoletsa m'nyumba, kansomba kameneka kalembedwa ndi dzina la mawu awiri, Labeotropheus fuelleborni. Liwu loyambalo silivuta kumasula, pakuti Labeo ndi dzina limene akatswiri anapatsa banja la ntchila chifukwa cha milomo yake yochindikala, ndipo Tropheus ndi nsomba ina ya m'miyala ya nyanja ya Tanganyika imene idya ndere monga kathu komweka. Liwu lachiwirilo ndilo latikhalitsa pansi, chifukwa m'kati mwake mwabisala dzina la banja la Chijeremani, Fülleborn, dzina losowa kotero kuti Mjeremani akhoza kubadwa, kukula, kukwatira ndi kukalamba mumzinda waukulu osakumanapo ndi munthu wolinyamula. Timadontho tiwiri tija ta pamwamba pa u sitiloledwa m'maina a akatswiri, n'chifukwa chake analemba ue m'malo mwake; ndipo i wa kumapetoyo ndi wa Chilatini, agwira ntchito imene agwira wa kapena ya m'chinenero chathu, kotero kuti dzina lonselo likunena kuti nsomba ya Fülleborn.

Makolo a Ajeremani, monganso makolo a mitundu yambiri, poyamba anali ndi dzina limodzi munthu aliyense, ndipo pamudzi wa nyumba khumi dzina limodzilo linali lokwanira. Koma pofika zaka za m'ma 1100 ndi 1200, pamene mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine monga Köln inayamba kusefukira ndi anthu, a Johannes ndi a Heinrich nachulukana mumsewu umodzi kufikira kuti wolemba ngongole ndi wokhometsa msonkho sanathenso kusiyanitsa wolipira ndi wosalipira, anthu anayamba kuphatikiza liwu lachiwiri pa dzina la munthu. Ndipo liwulo, limene poyamba linali kufa pamodzi ndi mwini wake, pang'ono ndi pang'ono linayamba kutsikira kwa ana ndi adzukulu monga utsikira munda. Mwambowo unayenda zaka mazana angapo kuchokera m'mizinda kulowa m'midzi, ndipo unamangika kotheratu mu 1876, pamene boma linalamula kuti m'dziko lonse la Germany kubadwa, ukwati ndi imfa zizilembedwa m'kaundula wa boma. Kuyambira pamenepo kalembedwe ka dzina kanauma ngati dongo lootcha. Ochuluka anatenga maina kuntchito zawo, ndipo mpaka lero dzina lofala koposa onse kumeneko ndi Müller, ndiye kuti wopera tirigu, lotsatana nalo ndi Schmidt, wosula zitsulo, kenaka Schneider, wosoka zovala, ndi Fischer, amene ndi msodzi monga a pa Chikombe omwewa. Ena anatchedwa ndi dzina la atate awo, ena ndi maonekedwe a thupi, monga Klein, wamng'ono, ndi Lange, wamtali; koma panalinso khamu lalikulu la iwo amene anatchedwa ndi malo amene nyumba yawo inaimapo, pafupi ndi phiri, ndi mtsinje, ndi dambo, kapena ndi chitsime.

Ife nkhani yotereyi siitidabwitsa, pakuti akuluakulu athu asimba kuti pa ulendo wa makolo, anthu amene anagona pamwamba pa phiri anatchedwa a Phiri, ndipo amene anabanda udzu m'munsi mwake kuti apeze pogona anatchedwa a Banda. Kotero Mjeremani wotchedwa Berg, dzina limene litanthauza phiri, akadamvana chinenero ndi a Phiri athu, akadakhala pamphasa imodzi n'kufunsana za makolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mfunda wathu sunabadwire m'buku la msonkho koma m'ulemu: ndi umene timathokozera nawo munthu atatipatsa chakudya, ndi umene mwamuna aitanira nawo mkazi wake, Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma, kuti asamtchule dzina la paubwana pamaso pa anthu. Dzina lachiwiri lolembedwa papepala linatifika mochedwa, ndipo linadza ndi kalaliki wa msonkho wa nyumba, ndi buku la ubatizo kumishoni, ndi kaundula wa sukulu, ndi chiphaso cha Wenela. Ndipo pofunsidwa mwadzidzidzi, wina anapereka mfunda wake, wina dzina la atate ake, wina la malume ake, wina dzina limene anapatsidwa kuntchito kwa Mzungu, n'chifukwa chake lero tili ndi mabanja a Foloko, a Supuni, a Botolo ndi a Sitima. Pamene boma linalemba anthu a dziko lonse ndi kuwapatsa ziphaso za unzika mu 2017, ife tinafika pamene Ajeremani anafika mu 1876, ndipo dzina lililonse linamangika monga linalembedwera tsiku limenelo.

Pano m'pamene tingamvetse chifukwa chake maina ena afala ngati mchenga ndipo ena asowa. Mudzi uliwonse ku Germany unali ndi wopera wake ndi wosula wake, kotero a Müller anaphuka m'malo zikwizikwi panthawi imodzi, osakhala pachibale ngakhale pang'ono, monganso a Banda ndi a Phiri adzaza Malawi, Chipata ndi Tete. Koma dzina limene linamera pamalo amodzi, pakhomo limodzi, kapena pa chochitika chimodzi, lili ngati mtengo wa muzu umodzi: likakhala ndi ana aamuna ambiri litambasuka, likasowa olowa m'malo lifota, pakuti kwao kumeneko dzina linkayenda ndi mwamuna, ndipo mwana wamkazi ankalitula pakhomo la tchalitchi tsiku la ukwati wake.

Dzina la Fülleborn lili ndi zigawo ziwiri, ndipo chigawo chomaliza ndicho chomveka bwino koposa. Born ndi liwu lakale lotanthauza kasupe kapena chitsime, mbale wake wa liwu la masiku ano lakuti Brunnen. Lipezeka m'dzina la mzinda wa Paderborn, umene unamangidwa pa akasupe a mtsinje wa Pader, ndi m'maina a mabanja monga Schönborn, chitsime chokongola, Kaltenborn, chitsime chozizira, ndi Born lokhalokha, dzina la Max Born, katswiri wa sayansi amene analandira mphotho ya Nobel mu 1954. Palibe mtundu wa anthu umene sunatche malo ndi dzina la madzi ake: boma lathu la Machinga linkatchedwa Kasupe, ndipo owerenga Baibulo akumbukira Isake akukumba zitsime ndi kuzitcha maina, Eseke, Sitina ndi Rehoboti, dzina lililonse likusunga mbiri ya mkangano kapena ya mtendere umene unachitika pamenepo. Pa chigawo choyambacho khutu la Mjeremani limamva zinthu ziwiri. Limamva füllen, kudzaza, ndi Fülle, kuchuluka, kotero kuti dzinalo likhala chitsime chodzala, chosaphwa. Kapena likhala ngati lamulo lakuti dzaza chitsime, pakuti nawonso ali ndi maina amene ali chiganizo chathunthu monga athu aja a Tiyanjane, Limbikani ndi Ndaziona, ndipo lotchuka mwa iwo ndi la Störtebeker, wachifwamba wa panyanja amene anaphedwa ku Hamburg mu 1401, limene litanthauza gubuduza chikho. Koma limamvanso Füllen, mwana wa kavalo, kotero kuti dzinalo likhala chitsime chomwetserapo ana a akavalo. Njira zonse ziwirizi zitifikitsa pamalo amodzi, pamadzi otumphuka pansi, pamene munthu wina wakalekale anamanga nyumba yake kapena anagwira ntchito yake, anansi namutcha ndi madziwo. M'makalata ena dzinalo lafupikitsidwa kukhala Füllborn, monga maina athu afupika pakamwa pa kalaliki wofulumira.

Amene analimveketsa dzinali m'mabuku anali anthu a kuvuma kwa dziko la Germany lakale. Georg Gustav Fülleborn anabadwa mu 1769 mumzinda wa Glogau, m'dera la Schlesien. Anaphunzira ku Halle, naphunzitsa pasukulu yaikulu ku Breslau, nasonkhanitsa ndi kusindikiza zolemba za mbiri ya nzeru za anthu oganiza mozama, ndipo anamwalira mu 1803 asanakwanitse zaka 34. Koma dera limenelo lero silili la Ajeremani. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, malire anasunthidwa, Schlesien pafupifupi yense anapatsidwa ku Poland, Glogau anakhala Głogów, Breslau anakhala Wrocław, ndipo Ajeremani mamiliyoni ambiri a m'madera a kuvumawo anathawa kapena kuchotsedwa, akatundu ali pamutu, kupita kumadzulo. Dzina lofala likabalalika silitayika, pakuti kulikonse lipeza anzake. Koma dzina losowa likazulidwa pamene linamera, limwazikana ngati mapira otayikira pamsewu, banja limodzi mumzinda uno, lina mumzinda wakutali, ndipo manda a makolo atsala m'dziko la anthu olankhula chinenero china. Madzi akatayika saoleka.

Amene anabweretsa dzinali kunyanja yathu ndi Friedrich Fülleborn, wobadwa mu 1866 m'tauni ya Kulm m'mbali mwa mtsinje wa Vistula, imene lero itchedwa Chełmno ndipo nayonso ili m'dziko la Poland. Anaphunzira udokotala ku Berlin, ndipo mu 1896 anatumizidwa ku German East Africa, dziko limene tsopano mbali yake yaikulu ndi Tanzania, monga dokotala wa gulu la nkhondo la boma la Ajeremani. Masiku amenewo nyanja yathu inali itagawidwa kumene: pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890 linaika malire pa mtsinje wa Songwe, ndipo mu 1893 Hermann von Wissmann anamanga boma la Langenburg kumpoto kwenikweni kwa nyanja, patsinde pa mapiri a Livingstone. Kumeneko n'kumene Fülleborn anakhala kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ndipo popeza anali munthu wa maso osakhuta, sanalekezere pa kuchiza asilikali, koma anasonkhanitsa chilichonse chokwawa, chouluka ndi chosambira, mbalame, abilimankhwe, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'madzi a nyanja, ndi nsomba, naziika m'mabotolo a mankhwala osungira, nazitumiza kunyumba yosungiramo zachilengedwe ku Berlin. Mu 1906 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza dziko ndi anthu a m'dera la nyanjayi ndi la mtsinje wa Ruvuma.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti mlendo ameneyu anaona zinthu zimene zinapindulitsa dziko lonse. Koma chilungamo chitikakamiza kunena kuti kalumo kake kanadza m'thumba limodzi ndi mfuti. Gulu la nkhondo limene iye analitumikira ndilo linathyola ufumu wa Ahehe, kufikira mfumu yawo Mkwawa inafa mu 1898. Ndipo dokotala yemweyo amene anayeza zipsepse za nsomba anayezanso mitu ndi matupi a anthu a kumpoto kwa nyanja, nasindikiza miyesoyo mu 1902, monga anali kuchitira akatswiri a nthawi imeneyo amene ankasanja mitundu ya anthu m'magulu ngati zolengedwa za m'thengo. Ndipo mtima wanga umabwerera kawirikawiri kwa anthu ena amene mabuku sawatchula: wopalasa bwato amene anamufikitsa pamiyala, mnyamata amene anamira kapena kuponya mbedza nagwira kansombako, mtengatenga amene anasenza bokosi la mabotolo pamutu kudutsa mapiri. Iwo anali nawo maina, ndi mifunda, ndi amayi amene anawatcha. Iwo ankadziwa nsombayo kuyambira ali ana. Koma papepala lomatidwa pabotolo panalembedwa dzina la mmodzi yekha.

Atabwerera kwao, mu 1901 analowa ntchito pasukulu yofufuza matenda a m'maiko otentha imene inatsegulidwa ku Hamburg mu 1900 pansi pa Bernhard Nocht, ndipo pamenepo anapereka moyo wake ku njoka zam'mimba, mdani amene aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amdziwa. Anafufuza njira imene ana a njokazo ayenda atalowa pakhungu la munthu, kudzera m'magazi, m'mapapo ndi pakhosi, kufikira atakhazikika m'matumbo. Ndipo anakonza njira yapafupi yopezera mazira ake, yosakaniza chimbudzi cha wodwala ndi madzi a mchere wambiri kuti mazirawo ayandame pamwamba, njira imene mpaka lero itchedwa ndi dzina lake m'mabuku a oyeza matenda. Anatsogoleranso ulendo wa akatswiri a ku Hamburg wopita kuzilumba za nyanja ya Pacific mu 1908, analowa m'malo mwa Nocht monga mkulu wa sukuluyo mu 1930, ndipo anamwalira mu 1933. Pofika nthawiyo dzina lake linali litamwazika kale m'chilengedwe cha kuno: lili pa mbalame yakuda ya m'nkhalango za kumapiri a Nyika ndi Misuku, pa mbalame ina ya m'madambo a Zambia ndi Angola, pa bilimankhwe wa kumapiri a Poroto pafupi ndi Mbeya, ndi pa kanyongolotsi ka m'matumbo a anyani kamene kagwiranso anthu.

Kansomba kathu kanadikira m'botolo ku Berlin zaka zoposa makumi awiri, kufikira katswiri wina wotchedwa Ernst Ahl anakatulutsa, nawerenga mamba ndi minga yake, naona kuti sikafanana ndi nsomba iliyonse yolembedwa kale, ndipo mu 1926 anakapatsa dzina lolemekeza amene anakatumiza. Pano pali chinthu chimene owerenga ayenera kuchidziwa, pakuti ndicho chapatsa dzinali moyo wautali. Kuyambira pa buku la Carl Linnaeus wa ku Sweden la 1758, akatswiri a zinyama anagwirizana kuti cholengedwa chilichonse chikhale ndi dzina la mawu awiri, ndipo pambuyo pake anamanga lamulo lakuti dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo liima, ngakhale wolitcha atamwalira, ngakhale ufumu wake utagwa, ngakhale mibadwo yakutsogolo italiona kuti n'losayenera. Ntchito imene Adamu anapatsidwa m'munda ija, yotcha maina zamoyo zonse, anaitenga anthu a m'nyumba za mabotolo ku Ulaya, ndipo chimene anachilemba sichifufutika. Maina ena a Ajeremani amene anamvekapo kuno anazilala kale pakamwa pa anthu: sitima ya Hermann von Wissmann, imene sitima ya Angerezi ya Guendolen inaiwombera ili pagombe ku Sphinxhaven mu Ogasiti 1914, Eugene Sharrer, mwini minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire, Carl Wiese, amene anakhala kwa Mpezeni, ndipo dzina lake litanthauza dambo. Onsewa anali ndi sitima, minda ndi mapangano. Dokotala uja anali ndi botolo, ndipo dzina lake ndilo likusambirabe.

Ndipo nsombayo inamutsata kwao. Kuyambira zaka za m'ma 1960, Azungu okonda kuweta nsomba m'magalasi anayamba kufunafuna mbuna za m'nyanja yathu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Stuart Grant anakhazikitsa malo ake ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay m'boma lomweli la Salima, kumene anyamata odziwa kumira ankagwira nsombazi ndi timaukonde, n'kuziika m'matumba a madzi ndi mpweya, n'kuzikweza ndege. Ndipo Germany linakhala limodzi la maiko ozigula koposa. Popeza mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya kuchoka pa miyala imene zinabadwira, chilumba chilichonse chili ndi mawanga akeake, ndipo ogula amafuna kudziwa kwao kwa nsomba iliyonse. Chotero pagalasi la m'sitolo ya ku Hamburg kapena ku München munthu akhoza kuwerenga mawu awiri atagundana, fuelleborni ndi Mbenji, dzina la chitsime cha ku Ulaya ndi dzina la chilumba cha mfumu Makanjira. Ine ndikhulupirira kuti masiku ano dzina la Fülleborn limatchulidwa kawirikawiri ponena za nsombayi kuposa ponena za anthu olinyamula.

Sitinganene kuti mabuku amenewa atitsekera kunja kotheratu, pakuti m'zaka za posachedwa maina athu ayamba kulowamo. Mbenji mwini wake walembedwa m'Chilatini pa mtundu wina wa utaka, Copadichromis mbenjii, umene Ad Konings anaufotokoza mu 1990, ndi pa mbuna zina za pachilumbapo; mawu akuti mloto ndi lidole, amene anatuluka pakamwa pa asodzi, ali m'maina a nsomba; ndipo Mchenga ndi Chindongo tsopano ndi maina a mabanja athunthu a nsomba m'mabuku a dziko lonse. Chimene chisangalatsa mtima koposa n'chakuti mu 2023, pamene mitundu isanu ndi umodzi yatsopano ya nsomba za mphuno yolendewerazi inalembedwa, mmodzi mwa akatswiri awiri amene anaitcha maina anali mwana wa dziko lino, Titus Phiri, pamodzi ndi Michael Pauers wa ku America. Kotero kuti m'banja la nsomba limene linayamba ndi chitsime cha Mjeremani, lero phiri la Mmalawi laimamo monga wotcha maina. M'nyanja imene akatswiri ayerekeza kuti muli mitundu ya nsomba pakati pa 800 ndi 1,000, yambiri mwa iyo isanalembedwe n'komwe, ntchito imeneyi idikira ana athu amene lero akuponya mbedza pamiyala.

Koma ngati dzina la Fülleborn litanthauza chitsime chodzala, tiyenera kufunsa kuti amene asunga chitsimechi kuti chisaphwe ndani; ndipo yankho lake silili ku Berlin kapena ku Hamburg, lili pa Chikombe. Akuluakulu a kumeneko asimba kuti m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ochokera ku Likoma anadza kudzapempha malo ophera utaka, mfumu Makanjira ndi nduna zake anaika malamulo a pachilumba amene aimabe kufikira lero pansi pa Mfumu Yaikulu Makanjira: kuti pachilumbapo pasafike mowa, chamba kapena juga, kuti akazi asapondepo, kuti njoka za pamenepo zisaphedwe, ndipo koposa zonse, kuti chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Disembala kufikira cha mu Epulo, nyengo ya mvula ndi mphezi pamene manja afunika kumunda ndipo nsomba ziswana, chilumba chitsekedwe, munthu aliyense achokepo. Amatseka ndi mwambo, natsegula ndi mwambo, mfumu ili pomwepo, makolo akukumbukiridwa. Ndipo wophwanya lamulo aweruzidwa, ngakhale kupirikitsidwa kumene. Magombe ambiri a nyanja yathu aphunzira mwa misozi kuti chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa, pamene chambo cha ku Malombe ndi kummwera kwa nyanja chinachepa, ntchila nayo n'kusowa. Koma a ku Mbenji anamvera mawu a akulu asanagonere, ndipo tsopano akatswiri a m'masukulu aakulu a kuno ndi a kunja amadza kudzakhala pansi pamaso pa mfumu kuti aphunzire. Malamulowo anaikidwa chifukwa cha utaka ndi miyoyo ya asodzi, koma mthunzi wake unaphimbanso kansomba ka m'miyala kaja, kamene palibe anakaganizira pa tsiku loika malamulo.

Mukafika pagombe la Chikombe m'mwezi wa Januwale, mudzapeza mabwato a ku Mbenji atakokeredwa kumtunda, zilimira zitapindidwa, ndipo asodzi ali m'minda kupalira chimanga. Mukamuonetsa mkulu wina chithunzi cha kansombako n'kumufunsa kuti, "Agogo, aka n'kansomba kanji?" adzakuuzani dzina limene anamva kwa atate ake, nadzakuuzaninso mwala umene kakonda ndi mphepo imene imakabisa. Kutsidyako chilumba chili zii, mulibe utsi, mulibe nyimbo, mvula yokha ikugwa pamisasa yopanda anthu. Pansi pa madzi kakamuna kayeretsa malo ake pakati pa miyala, kawala koposa masiku onse. Kakakazi kaikira mazira, kawatola ndi kamwa lake lobisika lija, ndipo kwa masabata pafupifupi atatu kadzawasunga m'kamwamo, kosadya kanthu, katabisala mumng'alu wa thanthwe, kufikira tsiku limene kadzayasamula n'kutulutsa tiana take m'madzi osaya.